Kuseka dziko likutha: mafunso ndi mayankho pa nthano za sayansi zoseketsa

Pali mtundu wa nthano umene ndimaukonda kuposa ina yonse, ndipo ndikaufotokoza anthu amayamba andiyang'anitsitsa kaye. Nthano zake zimayamba ndi chilengezo choti dziko litha tsiku lakutilakuti. Akatero wolemba amatisiya pakhomo pa munthu wamba, mayi wogulitsa tomato kapena mlonda wa pasitolo, kuti tione chimene achite ndi masiku otsalawo. Ndipo timaseka. Mafunso ali pansipa ndi amene anzanga ndi abale akhala akundifunsa pa nkhaniyi, ena mwachidwi, ena mokhumudwa ndithu.

Kodi nthano zimenezi ndi zotani kwenikweni?

Ndi nthambi ya nthano zimene pa Chingerezi amati science fiction. M'nthano zotere mumachitika zodabwitsa, koma gwero lake limakhala la sayansi: chimwala chochokera mumlengalenga, nyenyezi ya mchira, matenda achilendo, makina amene apitirira nzeru za owapanga, kapena alendo ochokera kuseri kwa nyenyezi. Ufiti ndi matsenga zili ndi nthano zakezake. Kuno, ngakhale chinthu chili chopeka, wolemba amayesetsa kuti chimveke ngati chotheka kuchipima, kuchiwerengera ndi kuchilengeza pa wailesi.

Nkhani zambiri za kutha kwa dziko, makamaka za m'mafilimu, zimakhala zoopsa: nyumba zosanja zikugwa, anthu akupondana, ngwazi imodzi ikuthamanga ndi bomba kukapulumutsa onse. Nthambi imene tikukambayi imatenga tsoka lomwelo n'kuloza kamera kwina. Chimwala chili kumwamba, chikubwera, tsiku lake ladziwika. Koma amene tikumuonera ndi bambo amene wakhala zaka 20 osalankhulana ndi mchimwene wake chifukwa cha malire a munda. Watsala ndi milungu itatu, ndipo akuganizabe kuti woyamba kupepesa ayenera kukhala mnzakeyo.

Choseketsa n'chiyani pa nkhani yoti anthu onse afa?

Imfa payokha siseketsa. Choseketsa ndi kutalikirana kwa zinthu ziwiri: kukula kwa tsokalo, ndi kuchepa kwa tinthu timene munthu amakangamira tsiku ndi tsiku. Taganizirani msonkhano wa banki m'khonde tsiku limene wailesi yalengeza kuti kwatsala masiku 21. Msungichuma akufuna ndalama zigawidwe lero lomwe. Amayi ena akukana, akuti malamulo a gulu amati kugawana n'kwa mu Disembala, ndipo amene anakongola ayambe abweza kaye ndi chiwongoladzanja chake. Wina wafika mochedwa, akumulipiritsa chindapusa. Pa gulu lonselo palibe wopusa. Aliyense wagwiritsa chimene akuchidziwa, poti chogwira china palibe. Timaseka chifukwa tawazindikira anthuwo: ndi amayi athu, ndi azakhali athu, ndi ife tomwe.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi sewero la pa wailesi ya BBC lolembedwa ndi Douglas Adams, The Hitchhiker's Guide to the Galaxy, limene linayamba kuulutsidwa mu 1978. Mwini nkhani akudzuka m'mawa n'kupeza a khonsolo afika ndi makina kudzagumula nyumba yake kuti padutse msewu. Akulimbana nawo choncho, kukutulukira zombo za alendo a kuthambo amene abwera kudzagumula dziko lonse pa chifukwa chomwecho: akufuna kulambula msewu wa mumlengalenga, ndipo akuti chidziwitso chinakhomedwa kalekale ku ofesi ina yakutali, vuto ndi la anthu amene sanapite kukawerenga. Aliyense amene anaonapo chizindikiro cha X chofiira pakhoma la nyumba ya m'mbali mwa msewu akudziwa pamene nthabwalayi ikuluma.

Kodi kumeneku si kusowa umunthu? Pali anthu amene dziko linawatheradi.

Funso ili ndimalilemekeza, ndipo amene amalifunsa kawirikawiri ndi anthu amene anaona zoopsa ndi maso awo. Munthu amene anataya banja lonse pamene matope a m'phiri la Soche anatsikira pa Chilobwe mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, sangauzidwe ndi wina aliyense kuti aseke. Nthano yoseka munthu wotero ndi yoipa, palibe chokambirana.

Koma tiyeni tione kumene kuseka kumakhala pa miyambo yathu. Kumudzi, anthu amene amagwira ntchito yolemetsa kwambiri pamaliro ndi adzukulu: amakumba manda, amanyamula bokosi, amakwirira. Ndipo ndi omwewo amene amadziwika ndi nthabwala, kunyogodola anamfedwa, kudandaula za kuchepa kwa nsima mokweza kuti onse amve. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya, ndipo pamaliro a mbali imodzi anzawowo amabwera kudzathandiza ntchito kwinaku akuwaseka ndi kuwapaka ufa. Palibe amene amati anthu amenewa alibe chisoni. Kuseka kwawo kumathandiza kuti katundu anyamulike. Nthano yabwino ya mtundu umenewu imaima pamalo pa mdzukulu: ili mkati mwa malirowo, manja ake ali ndi dothi, n'chifukwa chake ili ndi chilolezo choseka.

Ndivomereze kuti si nthano zonse zimene zimafika pamenepo. Mu 1973 wolemba wa ku Britain, Brian Aldiss, anapeka dzina loti cosy catastrophe, kutanthauza tsoka lofunda bwino ngati bulangete, podzudzula nthano zimene anthu mamiliyoni amafa koma mwini nkhani akusangalala, wapeza galimoto yaulere, nyumba yaulere ndi chibwenzi. Chidzudzulo chimenecho n'choona. Ine muyeso wanga ndi umodzi: kodi wolemba akuwakonda anthu amene akutiseketsa nawo? Ngati sakuwakonda, zimaonekera msanga, tsamba lachitatu lisanathe.

Kodi anthu enieni angachitedi choncho? Si kuti angangopenga ndi mantha?

Apa ndi pamene nthano zoseketsazi zimaposa mafilimu oopsa pa kunena zoona. Dziko silinathepo, koma pakhala nthawi zingapo zimene anthu anakhulupirira kuti latha, ndipo zimene anachita zinalembedwa.

Mu Meyi 1910 dziko lathu linadutsa mumchira wa nyenyezi yotchedwa Halley. Akatswiri anali atapeza kuti mumchiramo muli mpweya wapoizoni wa cyanogen, ndipo nyuzipepala zinafalitsa mawu a katswiri wa ku France, Camille Flammarion, oti mpweyawo ungathe kupha zamoyo. Akatswiri ena ambiri anatsutsa, akuti mpweyawo ndi wochepetsetsa, koma mawu oopsa ndiwo amayenda msanga. Anthu ena anamata mipata ya zitseko ndi mawindo. Ochenjera anayamba kugulitsa mapiritsi oti amateteza ku nyenyeziyo. Ndipo ku New York ena anakwera pamadenga a mahotela kukachita maphwando oionerera. Woopa, wogulitsa ndi wovina, onse usiku umodzi. Wolemba nthano sangapeke zoposa pamenepa.

Pa 30 Okutobala 1938, Orson Welles anaulutsa pa wailesi ya CBS ku America sewero lokonzedwa ngati nkhani zochitikadi, loti zolengedwa za ku Mars zatera ku New Jersey. Kutacha nyuzipepala zinalemba kuti dziko lonse la America linasokonezeka ndi mantha. Ofufuza amene anabwerera ku nkhaniyi pambuyo pake anapeza kuti omvera seweroli anali ochepa, ndipo chipwirikiticho anachikulitsa ndi a nyuzipepala. Ambiri amene anachita mantha anachita chinthu chanzeru ndithu: anaimba foni ku polisi kapena ku nyuzipepala kufunsa ngati zili zoona.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha ku Hawaii. M'mawa wa pa 13 Januwale 2018, mafoni a anthu analandira uthenga wa boma woti mzinga ukubwera, abisale msanga, ndipo si zoyeserera. Unali uthenga wotumizidwa molakwika, koma panapita mphindi 38 wina wowongolera usanafike. Kwa mphindi 38 anthuwo ankakhulupirira kuti afa. Ena anabisa ana m'mabafa, ena anathamangira m'nyumba zolimba, ndipo ochuluka anatenga foni kuimbira amayi awo, ana awo, okondedwa awo, kutsanzikana. Zakuphana kapena kuthyola masitolo sizinamveke.

Ku Chelyabinsk, ku Russia, pa 15 Febuluwale 2013, chimwala cha mamita pafupifupi 20 chinaphulika mumlengalenga ndi kuwala koposa dzuwa. Anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi. Chifukwa chake n'chaumunthu kwambiri: ataona kuwalako anathamangira pawindo kukasuzumira, ndiye mphepo ya kuphulikako inafika patapita kanthawi n'kuswa mawindowo. Mphunzitsi wina wamkazi anauza ana 44 kuti alowe pansi pa madesiki, anawo anapulumuka osavulala, iye yekha ndiye anachekedwa ndi magalasi. Masiku otsatira anthu anali pikitipikiti m'chipale kutola tizidutswa ta mwalawo, ena n'kumatigulitsa pa intaneti.

Akatswiri a za chikhalidwe cha anthu akhala akufufuza zimenezi kwa nthawi yaitali. Enrico Quarantelli ndi anzake anakhazikitsa Disaster Research Center ku yunivesite ya Ohio State mu 1963, ndipo atayendera malo ambiri a ngozi anapeza kuti kupenga ndi mantha sikuchitika kawirikawiri, kuba kumakokomezedwa, ndipo anthu ambiri opulumutsidwa amapulumutsidwa ndi anansi awo akuluakulu a boma asanafike. Amene anali ku Blantyre masiku a Freddy sakufunika kuuzidwa zimenezi. Oyamba kukumba matope ndi makasu ndi manja anali anthu a m'makomo oyandikana.

Bwanji mwini nkhani asakhale wasayansi kapena pulezidenti, amene angachitepo kanthu?

Chifukwa munthu amene angachitepo kanthu nkhani yake imakhala ya funso limodzi: akwanitsa kapena alephera? Munthu amene sangachitepo kanthu amatsala ndi funso lokoma kuposa limenelo: nanga tsopano Lachiwiri lino ndichite nalo chiyani? Ambirife tili m'gulu lachiwirili. Kukwera kwa mitengo, kugwa kwa ndalama, chilala, mliri wa Covid-19, zonsezi zinatipeza ngati chilengezo chochokera kutali, ife n'kutsala ndi ntchito yoganiza za ndiwo za madzulo.

Kodi zimenezi si nthano za azungu basi?

Dzina lake ndi lachilendo, ndipo mabuku ambiri a mtunduwu analembedwa ku Ulaya ndi ku America. Koma mtima wake tili nawo kuyambira kale. Kumbukirani nthano ya Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapekesa timitengo tiwiri, moto unabuka, tchire lonse linayaka. Nyama zinathawa n'kusanduka adani a munthu, kupatula zochepa monga galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa iye. Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mukaiyang'anitsitsa, imeneyi ndi nthano ya munthu amene watulukira luso latsopano n'kuthetsa nalo dziko limene ankalidziwa. Olemba a lero amaika makina pamene makolo anaika moto.

Nanga ya bilimankhwe? Chauta anamutuma kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso. Iye anayenda mwa chizolowezi chake, phazi limodzi, kuganiza, phazi lina. Buluzi amene ananyamuka pambuyo ndi uthenga woti imfa ndi yamuyaya anafika msanga. Tsoka lalikulu kuposa onse, makolo athu analifotokoza ngati nkhani ya mthenga wochedwa panjira, ndipo ana amaseka agogo akamatsanzira kayendedwe kake. Amene anakulira pa nthano zimenezi sangadabwe ndi nthano yoseketsa ya kutha kwa dziko.

Kodi chimwala chingagwedi kuchokera kumwamba, kapena n'zopeka zokhazokha?

Miyala imagwa, ndipo inagwapo ngakhale kwathu kuno. Pa 22 Januwale 1981 mwala wolemera makilogalamu 93 unagwa m'boma la Machinga, ndipo m'mabuku a akatswiri umadziwika ndi dzina la bomalo. Ku Mbozi, kumwera kwa Tanzania, kuli chimwala chachitsulo cha matani pafupifupi 16, ndipo ku Namibia, pafupi ndi Grootfontein, kuli cha Hoba cha matani pafupifupi 60, chachikulu kuposa zonse zimene zinapezeka zathunthu. Pa 2 Juni 2018 makina oonera zakuthambo a ku Arizona anaona kamwala kakang'ono kakubwera, ndipo patangopita maola ochepa kanaphulika pamwamba pa Botswana. Tizidutswa take anakatitola m'chipululu cha Kalahari.

Zikuluzikulu n'zosowa. Pa 30 Juni 1908, ku Tunguska m'dera la Siberia, chinthu china chinaphulika mumlengalenga n'kugwetsa mitengo pa dera loposa masikweya kilomita 2,000. Mwamwayi kunali kunkhalango kopanda mizinda. Chachikulu chimene aliyense amachitchula chinagwa zaka 66 miliyoni zapitazo pamalo amene lero ndi Yucatán ku Mexico. Chinali cha makilomita pafupifupi 10, chinasiya chidzenje cha makilomita pafupifupi 180, fumbi ndi utsi zinaphimba dzuwa, ndipo ma dinosaur, zinyama zikuluzikulu za makedzana, anatha pamodzi ndi mitundu yambiri ya zamoyo.

Chotonthoza mtima n'choti miyala yaikulu ndiyo yosavuta kuiona ikadali kutali. Akatswiri apeza kale yoposa 90 pa 100 iliyonse ya miyala yopitirira kilomita imodzi imene imadutsa moyandikira dziko, ndipo pa imene ikudziwikayo palibe umene ukuyembekezeka kutiomba m'zaka 100 zikubwerazi. Imene imavuta ndi yapakatikati, yotha kuwononga mzinda umodzi. Wa ku Chelyabinsk palibe anauona, chifukwa unachokera mbali ya dzuwa.

Dzuwa nalo lidzatha, koma latsala ndi zaka pafupifupi 5 biliyoni.

Atachiona chikubwera, pali chimene angachite?

Chilipo, ngati achiona nthawi ikadalipo. Pa 26 Seputembala 2022 bungwe la zakuthambo la ku America lotchedwa NASA linaombetsa dala chombo chotchedwa DART pa mwala wotchedwa Dimorphos, wa mamita pafupifupi 160, umene umazungulira mwala unzake waukulu, Didymos. Miyala imeneyi sinali yoopsa kwa ife. Kunali kuyesa chabe. Dimorphos ankatenga maola 11 ndi mphindi 55 kuti azungulire mnzakeyo, ndipo ataombedwa nthawiyo inachepa ndi mphindi zoposa 30. Aka kanali koyamba kuti anthu asinthe njira ya chinthu cha kuthambo. Nzeru yake ndi yofanana ndi kukhotetsa ng'ombe ikadali kutali ndi dimba: kukankha pang'ono zaka zambiri zisanakwane kumakwanira kuti mwalawo udutse pambali.

Kwa wolemba nthano zoseketsa, mbali yokoma ndi ya manambala. Mwala watsopano ukapezeka, akatswiri sadziwa njira yake bwinobwino, ndiye amalengeza kuthekera koti utiomba. Akamaupima kuthekerako kumayamba kwakwera, kenako n'kugwa mpaka ziro. Zinatero ndi mwala wa 2024 YR4: mu Febuluwale 2025 kuthekera koti udzaomba dziko pa 22 Disembala 2032 kunafika pa 3.1 peresenti, ndipo patangopita masiku ochepa kunatsikiratu. Tangoganizani mudzi umene ukumvera manambala amenewa pa wailesi m'mawa uliwonse ngati mitengo ya fodya ku okushoni, ndi munthu amene dzulo anaulula zinsinsi zake zonse pamene nambala inali pamwamba.

Ine ndine wopemphera. Kodi nthano zimenezi sizikunyoza chiphunzitso cha tsiku lomaliza?

Sindikuona choncho. Nthanozi zimakamba za miyala, makina ndi makhalidwe a anthu, ndipo zabwino mwa izo zimalemekeza munthu wogwada kupemphera monga zimalemekezera wolima dimba. Baibulo lenilenilo, pa Mateyu 24:36, limati za tsikulo ndi ola lake palibe akudziwa, ndipo Asilamu nawonso amaphunzitsa kuti nthawiyo aidziwa ndi Mulungu yekha.

Amene nthanozi zimawaseka mosabisa ndi oika madeti, ndipo pamenepo ine ndili nazo limodzi. Otsatira a mlaliki William Miller ku America anadikira tsiku lomaliza pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya mbewu m'munda osakolola. Mlaliki wina wa pa wailesi ku America, Harold Camping, analengeza za 21 Meyi 2011, ndipo panali anthu amene anawononga ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse polipira zikwangwani zochenjeza anzawo. Za 21 Disembala 2012 ndi kalendala ya Amaya, mtundu wa anthu a ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ambiri tikuzikumbuka. Ndipo pafupi ndi kwathu, ku Kanungu m'dziko la Uganda, gulu limene linalonjeza kuti dziko litha ndi chaka cha 1999 linathera pa moto wa pa 17 Malichi 2000. Pamodzi ndi mitembo imene inapezeka m'malo ena a gululo, anthu oposa 700 anafa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Anthu amenewa anali atagulitsa katundu wawo n'kupereka ndalama kwa atsogoleri. Mantha a kutha kwa dziko ndi chida chimene anthu oipa amadyera anzawo. Munthu amene anaphunzira kuseka wogulitsa mapiritsi a nyenyezi savuta kumuzindikira akabwera atavala jekete lina.

Kodi ana angawerenge kapena kuonera?

Zimatengera nthano yake ndi mwana wake. Mafilimu ambiri a mtunduwu anapangidwira akuluakulu, ndipo mumakhala mowa, zachiwerewere ndi mawu otukwana, choncho yambani mwaonera nokha. Mwana wa zaka zosakwana 10 angathe kutenga chilengezo cha m'nthano ngati chenicheni n'kulephera kugona. Akakufunsani ngati dziko lithadi, muyankheni zoona: pali anthu amene ntchito yawo ndi kulondera kumwamba usiku uliwonse, ndipo palibe chimwala chachikulu chimene achiona chikubwera.

Ndikufuna kulemba nthano yotere m'Chichewa. Ndiyambire pati?

Yambirani pa tsiku. Nthanozi zimayenda bwino nthawi ikakhala yodziwika, ndipo kutalika kwake kumasintha nkhani yonse. Maola atatu ndi nkhani ya kuthamanga ndi kutsanzikana. Zaka khumi ndi nkhani ya ndale. Pakati pakepo, milungu itatu kapena miyezi iwiri, ndi pamene pali nthabwala zambiri, chifukwa nthawiyo ndi yochepa moti munthu sangaiwale, komanso ndi yaitali moti ayenerabe kuchapa, kutunga madzi ndi kulipira lendi.

Kenako sankhani khomo limodzi, musachokepo. Musatitengere ku likulu kukaona nduna zikukambirana; nduna tizimve pa wailesi ya batire zofooka, ikulankhula Chichewa cha mu ofesi chija chodzaza ndi "kuonetsetsa" ndi "ndondomeko", pamene pakhomopo akukangana za nkhuku. Kusiyana kwa zilankhulo ziwirizi pakokha ndi chuma. Mupatseni munthu wanu kanthu kakang'ono kamene akukafunitsitsa: kubwezeredwa poto amene anabwereketsa, kumaliza kufolera nyumba, kumva mpongozi akunena kuti zikomo. Musamusandutse wanzeru zakuya chifukwa choti imfa yayandikira. Wokakamira akhale wokakamirabe, waulesi akhale waulesibe, kusintha kwake kukhale kwa kamphindi kamodzi, mwina osanena ndi mawu. Musaiwale wokayika, amene akuti zonsezi ndi nzeru za boma zofuna kubisa kukwera kwa mtengo wa feteleza, chifukwa pamudzi uliwonse alipo ndipo nthawi zina amakhala ndi mfundo.

Sayansi ikhale yochepa koma yolondola. Mwala wooneka ndi maso kwa miyezi ngati mwezi wachiwiri ndi wa m'mafilimu; weniweni umakhala kadontho kosaoneka mpaka masiku omaliza, ndipo zimenezi zimathandiza nthano, chifukwa anthu akuuzidwa kuti akhulupirire chinthu chimene sakuchiona kumwamba kuli mbee.

Chithunzi chimene ine chimandibwerera nthawi zonse ndi ichi. Alengeza mu Novembala kuti kwatsala miyezi iwiri. Usiku womwewo mvula yoyamba yagwa, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse. M'mawa agogo aakazi atenga khasu ndi kambale ka mbewu. Mdzukulu wawo wa ku sekondale akuwawerengera pa zala: chimanga chimafuna miyezi itatu kapena inayi, agogo, simudzadya. Iwo akumuyang'ana n'kunena kuti mvula yagwa, ndipo mvula ikagwa anthu amadzala. Mnyamatayo akuima kanthawi, kenako akupita kukatenga khasu lachiwiri. Owerenga ena adzaseka pamenepo, ena adzalira, ndipo wolemba sayenera kuwasankhira.

Kodi kumapeto kwa nthanozi dziko limathadi?

M'zina limatha, m'zina mwala umaphonya. Ine ndimakonda zimene wolemba sanabere. Ngati dziko lipulumuka, anthu akhale ndi zotsatira za zimene anachita: amene anatukwana bwana wake abwerere ku ntchito Lolemba, amene anapha mbuzi zonse ayambirenso. Ngati litha, nthano iime kamphindi pang'ono lisanathe, anthu ali pamphasa, mbale zili pakati.

Ndamva za mwala wina umene ukubwera mu 2029. Tichite mantha?

Ayi. Dzina lake ndi Apophis, ndi wa mamita pafupifupi 340, ndipo unapezeka mu 2004. Mu Disembala chaka chimenecho unaopsa akatswiri pamene kuthekera koti utiomba mu 2029 kunafika pa 2.7 peresenti, koma atapima bwino anapeza kuti udutsa pambali, ndipo mu 2021 NASA inalengeza kuti sutiomba kwa zaka zosachepera 100. Chimene chidzachitike n'choti Lachisanu pa 13 Epulo 2029 udzadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera pansi pano, kufupi kuposa masetilaiti amene amatitumizira zithunzi za pa TV, amene amakhala pa makilomita pafupifupi 36,000. Mwala waukulu chotere kudutsa pafupi chonchi, anthu akudziwiratu tsiku lake, sizinachitikepo.

Ndipo Africa ili m'gulu la madera amene adzauone ndi maso, popanda makina. Udzaoneka usiku ngati nyenyezi wamba, koma yosuntha pang'onopang'ono pakati pa zinzake. M'tauni magetsi adzausokoneza, choncho malo abwino ndi kumudzi, pabwalo, kutali ndi nyali, ngati mitambo ya kumapeto kwa dzinja idzalole. Mauthenga oopseza adzayamba kuzungulira pa WhatsApp miyezi ingapo tsikulo lisanafike, ndiye ndi bwino kuwafotokozera akuluakulu a kumudzi nthawi ikadalipo. Ine ndakonza zodzakhala kwathu usiku umenewo, ndi ana a achemwali anga, titayala mphasa panja, chimanga chachiwisi chili pamoto.